Singano ya mu Mtolo wa Mzime

Kuseri kwa chipatala, kupitirira khitchini, kupitiriranso kanyumba kosungira mitembo, kuli chinyumba cha denga lotsika kumene alendo safika. Kumeneko ndi kochapira. Amene akhalitsako kuposa makina enieniwo ndi mayi ena aafupi, a mikono ngati ya oswa miyala, amene aliyense amangowatchula kuti a Kutumula. Dzina lawo lenileni olidziwa ndi a ku ofesi okha, nawonso mpaka atsegule kabati.

Dzinali silinabwere lokha. Mtolo wa nsalu za pabedi ukafika kuchokera ku wodi, a Kutumula sankaukumbatira ngati zochapa za kunyumba. Ankamasula mfundo ndi nsonga za zala, kugwira nsalu imodzi m'ngodya ziwiri, kuitalikitsa ndi thupi, kutembenuzira nkhope kumbali ngati akukana utsi wa fodya wa mnzawo, kenako n'kuikutumula katatu. Akatero ankaima phee, khutu lili pansi. Simenti ya kochapira sinama. M'nsalu mukakhala singano ya jakisoni, imagwa n'kulira kuti tii, kaphokoso koti munthu wamba sangakamve. Iwo ankakamva, ngakhale makina onse akulira, ngakhale a Nthunzi ali pakati pa nyimbo.

A Nthunzi ndi bambo woyendetsa makinawo, wamtali, wa dazi, wodziwa vesi loyamba lokha la nyimbo iliyonse ya padziko.

Singano ikagwa, a Kutumula ankaitola ndi chopanira zovala n'kuiponya m'chitini. Chitini chikadzaza ankachitseka n'kuyamba china. Ena amasunga mabatani, ena zithunzi za zidzukulu. Iwo pansi pa sinki anali ndi zitini zinayi za masingano a eni ake. M'nsalu za odwala ankapezamo zambiri, mano oikirira, mphete, lumo, kalata ya chibwenzi ya nkhalamba ina ya pa bedi lachisanu. Zonsezo ankabweza. Masingano okha ndiwo analibe wowafunsa.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu," ankatero akamapuma masana, atakhala pa ndowa yovundikira, "ine singano sinandilawepo."

China chonyadira analibe. Manja anali atang'ambikang'ambika ndi sopo, zikhadabo zitadyeka, msana utapindika ngati chogwirira ambulera. Amuna awo anapita kalekale kukafuna ntchito kutali, ndipo zikuoneka kuti akuifunabe. Ana atatu oyamba sukulu inawakana. Wotsiriza yekha, amene kunyumba amangomuti Mzime, ndiye anailimbira mpaka kukhala nesi. Mwayi kapena tsoka, anamutumiza pa chipatala chomwecho, ku wodi ya abambo, ndipo anali akadali m'miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa ntchito.

Akakumana m'khonde m'mawa, Mzime ankati, "Mwadzuka bwanji, amayi?" ngati kuti sanadzuke m'nyumba imodzi.

"Tadzuka, anesi," ankayankha iwo, n'kupatuka mwaulemu ngati akudutsa dokotala. Akadutsa ankamuyang'ana kumsana, kuona ngati diresi yoyerayo yakwinyika. Ankaisita okha, pa simbi yaikulu ya chipatala, koma zimenezo musakauze a ku ofesi.

Mzime ndi wamanzere. Ali mwana, amayi ake anamuphunzitsa kumanga mtolo wa zochapa, iye n'kumamanga mwake: mfundo yotembenuka, khutu limodzi lili panja, lina litalowa mkati. Anamukalipira mpaka anatopa. Ku chipatalako, pa mitolo makumi anayi younjikana pakhomo, a Kutumula ankauzindikira wa mwana wawo ali patali. Ankausiya kuti ukhale womaliza, ngati mmene mwana amasungira chokoma m'mphepete mwa mbale.

Ndiye kunabwera mkulu woona za chitetezo cha ogwira ntchito. Anali bambo wa magalasi, woyenda ndi mapepala m'khwapa ndi kabotolo ka guluu m'thumba. Sabata isanathe, khoma lililonse linali litaphunzira kulankhula, ndipo iye anali atalandira dzina loti a Zikwangwani. Kunena chilungamo, sanali munthu woipa. Anabweretsa zinthu zimene a kochapira anazipempha mpaka kuiwala kuti anazipempha: magolovesi okhuthala ofika m'zigongono, maepuloni a pulasitiki, zotchinga pamphuno, ndi magambutsi. Magambutsiwo anabwera saizi imodzi, ya chimphona, moti a Kutumula ankayenda mkati mwake kaye asanayambe kuyenda panja. Anakonzetsanso waya wa magetsi wa pa makina aakulu umene unkagwira a Nthunzi Lolemba lililonse. Anthu anasangalala kwa sabata yathunthu.

Sabata yachiwiri anawapeza a Kutumula nsalu ili m'mwamba.

"Mayi, taimani kaye. Mukutani?"

"Ndikugwira ntchito, bwana. Mukuona ngati ndikuvina?"

"Nsalu ya wodwala sitikutumula. Zonse zili m'menemo mukuziulutsira m'mwamba, n'kumazipuma nokha. Chifuwa chanucho mukuganiza chinachokera kuti?"

Chifuwa analidi nacho, cha chaka ndi chaka. Palibe chowawa ngati munthu amene wabwera dzulo akamanena zoona.

"Nanga masingano?"

"Masingano sayenera kupezeka m'nsalu. Malo ake ndi m'bokosi lachikasu lija la ku wodi."

"Mukawauze masinganowo, bwana. Ine akhala asakundimvera."

A Zikwangwani sanaseke. Mawa lake kochapira kunamatidwa pepala loti nsalu isakutumulidwe. Kumawodi kunamatidwa lina, loti nesi wosiya singano poyera alandira kalata ya chenjezo, ndipo wolandira kawiri nkhani yake ikathera kwa akuluakulu. Mzime kalata yake yoyamba anailandira mwezi womwewo, singano itapezeka pa kabati ya wodwala. Kwa munthu woyesedwa ntchito, yachiwiri ndi chitseko.

Kuyambira pamenepo a Kutumula anayamba kugwira ntchito ngati wakhungu. Magolovesi okhuthala aja samva kanthu. Ukagwira nsalu kapena mwala n'chimodzimodzi. Khutu lawo, limene linawasunga zaka zonsezi, linangokhala chokongoletsa mutu. Nsalu iliyonse ankainyamula ngati muli njoka, mpweya atautsekera pachifuwa mpaka italowa m'makina. Akaweruka ankafika kunyumba atatopa kuposa kale, pakuti mantha amalemera kuposa nsalu zonyowa. Ku ofesi ankati a kochapira tsopano ndi otetezedwa. Iwo anali asanaiopepo ntchito yawo ngati mmene ankaiopera atatetezedwa.

Linali Lachiwiri, cha m'ma teni m'mawa. Mitolo yonse inali itatha, utatsala wa khutu limodzi. Poti unali wa mwana wawo, mtima unakhala pansi. Anamasula mfundo, n'kuwola nsaluzo ndi manja onse awiri, n'kuzikankhira m'makina.

Singano inalowa patsinde pa chala chachikulu cha kumanja, kudutsa golovesi ngati palibe. Sanakuwe. Anavula golovesiyo n'kuona kadontho ka magazi kakukula pang'onopang'ono. Singanoyo inali itakola m'mpendero wa nsalu, mkati mwake muli magazi a munthu wina. Anaitola ndi chopanira zovala, chizolowezi sichifunsa, n'kuiponya m'chitini. Kenako anatsegula mpopi n'kuikapo dzanja.

A Nthunzi anali atasiya kuimba.

"Yakulawani, achemwali."

"Palibe."

"Ndaona ndi maso angawa. Pitani ku chipinda cha ogwira ntchito akakupatseni mankhwala oteteza ku kachirombo aja. Akuti akadutsa masiku atatu ndiye kuti mwachedwa."

"Mankhwalawo amapereka ndi fomu. Fomuyo imafunsa wodi ndi tsiku."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Mtolowo unali wa khutu limodzi."

A Nthunzi anakanda dazi lawo nthawi yaitali.

"Mukanene kuti unali wa ku wodi ya ana."

"Ndiphe nesi wa kumeneko, mwana wa mnzanga?"

"Ndiye mukati simukuudziwa."

"Kwa a Zikwangwani? Aja akayamba kufufuza amakafika mpaka pa nambala ya bedi. Inu mungotseka pakamwa, achimwene. Mukatsegula, ndikulowetsani m'makinamo pamodzi ndi nyimbo zanuzo."

Madzulo a tsikulo Mzime anafika mapazi atatupa. Anathira madzi m'beseni, n'kukhala pakhonde, mapazi m'madzi, mutu utatsamira khoma.

"Odwala makumi asanu ndi limodzi ndi awiri, amayi, ife anesi awiri. M'mawa ndikubaya bambo wina jakisoni, wa bedi loyandikana wayamba kuphupha, kugwa pansi. Ndathamangira uyo, uku wina akuitana, uku wina wazula diripi. Sindikudziwa n'komwe kuti tsikuli ladutsa bwanji."

"Bokosi lachikasu lija lili pati?" anafunsa a Kutumula, maso ali kwina.

"Pakhomo. Ladzaza tho kuyambira Lachisanu. Mwafunsiranji?"

"Ayi, kungofunsa. Onjezera madzi otentha."

Dzanja anali atalibisa m'khwapa, ngakhale kabalako sikankaoneka n'komwe. Anamuyang'ana mwana wawo akusinza pampando, pakamwa pali yasa ngati ali ndi zaka zisanu. Anatenga diresi yoyera ya mawa n'kuipachika bwinobwino.

Lachitatu anachapa ngati masiku onse. Koma munthu amene wachapa nsalu za chipatala zaka makumi awiri ndi zitatu amadziwa zambiri kuposa zimene angafune. Amadziwa kuti ndi matenda ati amene amasiya thukuta lachikasu, ndi ati amene amabwezera nsalu kochapira bedi lili lopanda munthu. Popita kukataya madzi anasuzumira pa zenera la wodi ya abambo, n'kuyamba kuwayang'ana mmodzimmodzi. Uyu ndi wonenepa, ayi. Uyu wawonda kwambiri. Uyu akutsokomola. Anadzigwira okha akuweruza anthu ndi maso, chinthu chimene ankakalipira nacho ena, n'kubwerera mutu uli zyolii.

"Latsala tsiku limodzi," anatero a Nthunzi poweruka.

"Ndimadziwa kuwerenga."

Tsono a Nthunzi ndi chinsinsi sanayambe agonapo m'nyumba imodzi. Kuti anasunga ichi masiku awiri athunthu, a m'khitchini mpaka lero sakhulupirira. Lachinayi m'mawa anasenza nsalu zoyera, ntchito imene si yawo, n'kunena kuti akukawongola miyendo ku wodi ya abambo.

Anesi safika kochapira. Amangoponya mitolo pakhomo ngati pali galu wolusa. Choncho a Kutumula ataona nsapato zoyera zikuponda m'madzi a sopo, anadziwa kuti dazi lija lawagulitsa.

"Amayi, dzanja."

"Tadzuka, anesi. Mwasochera?"

"Ndati dzanja."

Mzime anavula golovesiyo yekha, n'kutembenuza chikhatho cha amayi ake. Panali kadontho kakuda, ngati pamene paluma nyerere.

"Liti?"

"Dzana."

"Dzana. Ndiye munakhala pakhonde paja n'kumandiuza kuti ndionjezere madzi otentha."

"Iwe, tamvera. Ndinaima pa simenti iyi mpaka miyendo kuchita mitsempha kuti uvale choyeracho. Uchivule chifukwa cha kabala koti mpaka uchite kukafunafuna?"

"Ndiye ndidzachivale pa maliro anu?"

"Mwina munthuyo analibe kanthu."

"Mwina. Ku sukulu munanditumiza kuja, mawu amenewo anatiletsa. Tiyeni."

"Ndili ndi nsalu m'makina."

"A Nthunzi alipo. Pakamwa apumitse, manja agwire."

Anawagwira chingwe cha epuloni n'kuwakoka m'khonde monse, magambutsi a chimphona aja akulira phwa, phwa. Oyeretsa pansi anaima ndi zokolopera zawo kuonerera nesi akukoka amayi ake ngati mwana wothawa jakisoni.

Ku chipinda cha ogwira ntchito anawatenga magazi, n'kuwapatsa piritsi loyamba kuti amwe pomwepo. Kenako analowa a Zikwangwani ndi fomu yawo.

"Zinachitika bwanji, mayi?"

"Ndinkakutumula, bwana. Magolovesi ndinali nditavula. Mitolo ndinaisakaniza, sindikudziwa kuti unali wa kuti. Kalatayo mulembere ine."

Bodza linawakhala ngati magambutsi aja. A Zikwangwani anayang'ana golovesi yobooka imene Mzime anali ataigwirabe m'manja. Mzime anatenga cholembera, n'kupendeketsa pepala monga amachitira amanzere, n'kulemba wodi, tsiku, nambala ya bedi, ndi dzina lake.

"Mukudziwa kuti iyi ndi yachiwiri?" anafunsa a Zikwangwani motsitsa mawu.

"Ndikudziwa."

A Kutumula anadzuka, piritsi likuwawabe kukhosi.

"Bwana, musanapite nalo pepalalo kumtunda, tiyeni mukaone katundu wanga."

Anawatengera pansi pa sinki, n'kutulutsa zitini zinayi zija ndi chachisanu chosadzaza, n'kuzitsegula chimodzichimodzi. Fungo la dzimbiri linakwera.

"Awa ndi a anesi a pa chipatala chino. Ena pano ndi masisitala aakulu, mumawapatsa moni ndi manja awiri. Ena anapuma, ena anamwalira. Palibe analandirapo kalata. Sikuti anali anzeru kuposa mwana wangayu, ayi. Anali ndi ine wowakutumulira. Inu munandiletsa, ndipo simunalakwe, chifuwa chija chachepadi. Koma munachotsa ine osaikapo china."

"Ndinaikapo mabokosi."

"Tiyeni tikawaone."

Ku wodi ya abambo anawaimika pa bedi lomaliza n'kuwauza kuti ayende mpaka pa bokosi akuwerenga. A Zikwangwani, munthu womvera malamulo ngakhale a wochapa, anayendadi. Anakwana mapazi makumi asanu kuonjezapo anayi. Bokosilo linali pakhomo, masingano atatulukira pamwamba ngati minga ya nungu, pamwamba pake pali chikwangwani chawo chomwe, chomatidwa mowongoka bwino.

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Apo m'pamene a Kutumula anaona kuti bamboyu nayenso ndi wotopa.

"Ndinapempha mabokosi makumi atatu," anatero. "Anandipatsa asanu ndi atatu, ndi guluu."

Nkhaniyo inakafikadi kwa akuluakulu, pamodzi ndi zitini zonse zisanu, zimene a Zikwangwani anazinyamula okha m'katoni. Akuti sisitala wamkulu ataziona anayamba kuyang'ana kudenga. Mzime sanamuchotse. Anamuonjezera miyezi ina isanu ndi umodzi yoyesedwa, kalata n'kukhalabe m'faelo. Mabokosi atsopano sanabwere, koma zigubu zopanda kanthu za sopo wa kochapira anaziboola pamwamba n'kuzimangirira ndi bandeji ku katebulo ka mateyala kamene anesi amayenda nako pogawa mankhwala. Lamulo loletsa kukutumula linakhalabe. A Nthunzi, pofuna kukhululukidwa, anapinda waya n'kuumangirira ku mpini wa tsache, kuti nsalu azitambasulira patebulo munthu ali patali. Sabata yotsatira ndodoyo inali ndi chikwangwani chake.

Bambo wa pa bedi lija, amene anabayidwa ndi singanoyo, anali atatuluka kale, ndipo kumene analembetsa kuti amakhala kunapezeka kuti kuli golosale. Choncho panalibe womuyeza. A Kutumula anamwa mapiritsi masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, mutu ukuzungulira, m'mimba mukutembenuka ngati makina aakulu aja. Ankasanza kuseri kwa thanki, kutsuka m'kamwa, n'kubwerera ku nsalu. Mzime ankawapatsa piritsi lililonse m'manja n'kuima pomwepo mpaka limezedwe.

"Tsegulani pakamwa ndione."

"Iwe, ndinakubala ndine."

"Tsegulani."

Ali mkati modikira kuyezedwa komaliza, kwa miyezi itatu, ku ofesi kunachokera mapepala ofunsa ogwira ntchito ngati akukhutira ndi chitetezo cha pa ntchito yawo. Kwa amene sukulu inawadutsa patali anajambulapo nkhope zitatu: yomwetulira, ya pakamwa powongoka, ndi yolira. A Nthunzi anachonga yomwetulira asanamve n'komwe funso, poti waya uja sunawagwirenso. A Kutumula analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Ya munthu wotopa ili kuti, bwana?"

"Palibe, mayi. Musankhe pa zitatuzo."

"Epuloni ndi yabwino. Chifuwa chinapita. Magambutsi mukadzapeza mwini wake mudzam'patse." Anachonga yapakati. "Iyi ikuoneka ngati nayonso ikudikira zotsatira za magazi."

Zotsatirazo zinabwera Lachisanu lina masana. Mzime ndiye anabwera nazo, kupondanso m'madzi a sopo ndi nsapato zoyera.

"Mulibe, amayi. Muli bwinobwino."

A Nthunzi anayamba vesi loyamba la nyimbo ina yothokoza. A Kutumula anangokhala pa ndowa yawo yovundikira, n'kuvula magolovesi, n'kuyang'ana patsinde pa chala paja. Panalibe ngakhale chipsera.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu," anatero, "tsopano ndizinena chiyani masana?"

"Muzinena kuti munalera nesi wosamva," anatero Mzime, n'kubwerera ku wodi, pakuti mnzake anali atatsala yekha.

Masiku ano mtolo wa khutu limodzi umafika mochedwa kuposa yonse, chifukwa mwini wake amatambasula nsalu iliyonse asanamange, ndipo a ku wodi amamunena kuti ndi wozengereza. A Kutumula amaudikira, makina ena atazima kale, msana ukuwawa. Ukafika amauika patebulo, kumasula mfundo, n'kutenga ndodo ya waya ija. Amautambasula ali patali, nsalu imodziimodzi, ngati wa mlendo.